Silipasi pakati pa chithaphwi

Lero ndaona silipasi ikuyandama m'ngalande ku Area 47, mtima n'kubwerera ku Old Town, ndili mwana.

Achimwene anga ankabwereza Fomu 4. Bambo anali ataneneratu kuti akalepheranso, basi, kumudzi kukalima fodya. Tsiku lina masana achimwenewo anakhala pakhonde akutafuna cholembera, funso la fizikisi litawakanika. Boti lazimitsa injini, madzi akulibweza: liyenda mtunda wotani lisanaime? Boti lenileni tonsefe tinali tisanalionepo.

"Iwe, vula silipasi," anandiuza.

Tinapita kuseri kwa nyumba, pachithaphwi chonunkha sopo ndi matope. Anaiika pamadzi n'kuikankha. Inathamanga bwinobwino, kenaka inayamba kufooka, kufooka, mpaka inaima nji pakatikati, pomwe ngakhale ndodo sinkafika.

"Mwaipeza ansala, achimwene?"

Anangonjuta pamenepo, ine phazi limodzi lili m'matope ozizira.

"Nanga boti likaima choncho, anthu ali m'katimo amatani?" ndinawafunsanso.

Anaiyang'ana silipasi ija nthawi yaitali. Udzudzu unatera pamkono pawo, osaupirikitsa n'komwe.

"Palibe," anatero motsitsa mawu. "Amangokhala momwemo."