Oyilo wa a Griffin pa Matabwa a Eni

A Griffin anakulira ku Luchenza, mwana wa makaniko wa mabasi. Kwawoko kunalibe vuto limene oyilo wakutha sankathetsa: chiswe m'mitengo ya denga, chitseko cholira, ngakhale zilonda za galu. Anaphunzira mpaka kukhala katswiri wa zanyengo pabungwe lina lalikulu ku Nairobi, kumene ntchito yawo ndi kuitanitsa misonkhano yokonzekera misonkhano.

Mumzindamo, kudera la South B, anapeza nyumba yalendi yokutidwa ndi matabwa kunja konse. Akazi awo, a Vailet, anaikonda chifukwa sukulu ya ana inali pafupi. Kusamukasamuka kunali kutawakola, ndipo ananeneratu kuti akadzamanganso katundu ndiye kuti ulendo wa ku Malawi, bambo atsale ndi misonkhano yawo.

Dzuwa ndi mvula zinatuwitsa matabwa aja, ena nkuyamba kung'aluka. Mwini nyumba, mayi Consolata, anati fundi, mmisiri wa matabwa, adzapala ndi kupaka vanishi komiti ya m'deralo ikavomereza mtundu wake. Komiti inakumana, inasankha kakomiti, kakomitiko nkupita kutchuthi. A Griffin, podziwa bwino kumene makomiti amathera, Loweruka lina anabwera ndi zigubu za oyilo kuchokera kugalaja.

"Bambo a ana, nyumba ya eni iyi," anatero a Vailet. "Si khola la nkhumba."

"Mayi, sayansi iyi. Madzi salowa, chiswe sichiyandikira."

Anapaka nyumba yonse. Zoonadi madzi sanalowe. Koma dzuwa litawomba, nyumba inayamba kununkha ngati minibasi yakufa, ija kumeneko amati matatu, ndipo fumbi lonse la kumafakitale linamatirira pakhoma mpaka nyumba kumera ubweya. Yunifolomu ya mwana ikangokhudza khoma, basi yatha.

Komiti, imene inalephera kusankha mtundu, ulendo uno inagwirizana tsiku lomwelo. Mayi Consolata anauza a Griffin kuti atuluke mwezi ukatha. A Vailet anatsitsa masutikesi mwakachetechete, a Griffin nkumagonera tiyi.

Ofuna nyumba anabwera ambiri. Aliyense ankafika pageti, kununkhiza, kupepesa m'Chiswahili kuti "pole", nkubwerera. Fundi naye anakana: thabwa lomwa oyilo siligwira vanishi.

Mwezi utatha mayi Consolata anaima patali, mpango pamphuno.

"Khalani," anatero. "Winanso ndani angakhalemo?"

A Vailet anabweza masutikesi pamwamba pa wadiropu. A Griffin akadali komweko, ndipo pamisonkhano amatchula nkhaniyi ngati chitsanzo cha nzeru zamakolo. Akazi awo amayanika zovala kwa aneba.