Khadi ya ku Malta pa Firiji ya Anti

Fungo la nsapato zonyowa zikuuma pa hita limandibwezera ku Oshawa, tauni ya m'dziko lozizira la azungu, m'nyumba ya amalume, m'zaka za m'ma 1970. Inali nyengo imene chipale chofewa chimasungunuka n'kusanduka matope akuda m'mbali mwa msewu. Amalume ankagwira ntchito ku fakitale ya magalimoto, ndipo ovololo yawo inkanunkha oyilo ngakhale itachapidwa. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinkagona m'chipinda chapansi, pafupi ndi makina ochapira, pa matiresi opyapyala.

Amayi anandisiya kumeneko masabata asanu ndi limodzi. Ankasamalira dona wina wokalamba wa ku Oakville, wolemera koma wosatha kuyenda. Donayo anafuna kukazungulira nyanja ya Mediterranean pa sitima yaikulu, ndipo anawatenga amayi. Bambo anali atamwalira kale, kotero kwina kondisiya kunalibe.

Akazi a amalume, amene ndinkawatchula kuti Anti, sanandifune kuyambira tsiku loyamba. Buledi wanga ankapaka majarini ngati akupukuta mpeni. Ndikatsokomola ankatseka chitseko cha masitepe.

Sabata lachinayi kunabwera khadi. Pachithunzi panali makoma akale a miyala yachikasu, timisewu ta masitepe, ndi timabwato topaka utoto pamadzi obiriwira. Kuseri analembako ndi dona uja, chifukwa amayi sankadziwa kulemba. Anati sitima yaima pachilumba cha Malta, dzuwa ndi lokoma, ndipo onse awiri akupuma bwino. Anti anawerenga kawiri mokweza, kenaka anaimata pa firiji, moyang'anana ndi sinki imene ndinkatsukira mbale.

"Wawaona amako?" anatero. "Akuwothera dzuwa ndi azungu, ife kuno tikukupukuta mamina."

Amalume anangotembenuza tsamba la nyuzipepala.

Tsiku lililonse ndinkatsuka mapoto ndikuyang'ana madzi obiriwirawo, zala zitachita makwinya. Poyamba ndinkadana ndi Anti. Pang'ono ndi pang'ono chidanicho chinasamukira pa firiji. Ndinkawaona amayi atakhala pakhoma lachikasu, atavula nsapato, akumwa zozizira, osandikumbukira n'komwe. Masana ena nditabwera ku sukulu ndinaichotsa khadiyo, ndinaing'amba tizidutswa, n'kuponya m'bini pamwamba pa makoko a mbatata. Ndinkayembekezera mbama. Anti anangoseka mpaka kugwira pamimba.

Amayi anabwera Loweruka, atatsika sitima yapamtunda, sutikesi ili m'manja. Sindinawathamangire. Anatulutsa kansalu koyera koluka bwino kuti andipatse, ndipo ine sindinagwade kapena kulandira ndi manja awiri monga anandiphunzitsira.

"Kapatseni dona wanu," ndinatero.

Sanandikalipire. Anayang'ana pa firiji n'kufunsa, "Kodi khadi ija inafika?"

"Inafika, alamu," anayankha Anti mokoma, "koma mwana wanuyu anaing'amba."

Amayi anakhala pansi n'kuvula nsapato. Mapazi anali otupa, m'manja muli matuza ouma. Ine ndinati mumtima, ameneyo ndiye malipiro a kuyendayenda.

Sukulu sindinapite nayo patali. Ndinalowa ntchito yomweyo yosamalira okalamba, ndipo za Malta sitinazitchulenso. Chaka chatha amayi atadwala, ndinkawakankha pa njinga ya odwala kupita ku chipatala. Tsiku lina pa kamtunda ka pakhomo ndinapuma wefuwefu, iwo n'kuseka.

"Apa pokha wafooka? Ku Malta kunali masitepe okhaokha."

Anandiuza kuti sitima inaima maola ochepa, ndipo dona anafuna kukaona tchalitchi cha pamwamba pa phiri. Amayi anaikoka njinga ya donayo chafutambuyo, sitepe ndi sitepe, maso ali pa mawilo. Chimene anaona pachilumbacho ndi miyala ya pansi ndi chipewa cha dona. Pobwerera anagula khadi ija padoko, osakhala ndi mpata woiyang'ana bwino.

"Ndinkati ndidzachionere kunyumba chilumbacho," anatero, "titakhala pansi ndi iwe."

Anamwalira patangopita miyezi iwiri. Anti anabwera pamaliro, analira mokweza kuposa aliyense, ndipo ine sindinawapatse mpando. Kansalu koyera kaja ndinakapeza m'sutikesi, kakadali kopinda. Ndili mwana ndinakwiya kuti amayi anakaona Malta popanda ine. Sindinkadziwa kuti Malta ndinaiona ndine, tsiku ndi tsiku ndili pa sinki, ndipo ndinaitaya m'bini iwo asanaione.