Dothi la ku Soshanguve

Loweruka m'mawa, sikisi isanakwane, ndinanyamuka ku Atteridgeville kupita ku Soshanguve ndi Tadala, mtsikana wa kwathu wophunzira payunivesite. Ntchito yake ndi kufufuza poizoni wodwalitsa ana. Amatola dothi la pakhomo ndi tsitsi la ana n'kukapima. Ndiye mukudabwa kuti azimayi a Chimalawi ankamuthamangitsa ndi tsache? Ananditenga ine, nkhalamba yodulira anthu kapinga, kuti ndikamuchitire umboni kuti sauluka.

Ndinavomera chifukwa mdzukulu wanga Chisomo, wa zaka zinayi, amakhala komweko. Mwanayu anali atasiya kulankhula, m'mimba mukumupotokola.

Minibasi yofika m'tauni inatidya marandi makumi awiri aliyense. Padepoti tinagula magwinya, mandasi a kuno ku Joni. M'minibasi yachiwiri mayi wina anasuzumira m'chikwama cha Tadala, n'kuona timabotolo ndi lumo. Anatsika asanafike kwawo.

Cha m'ma naini tinatsika, n'kuyenda wapansi. Kuseri kwa zipinda za lendi kuli bwalo lomwe anthu amaswerapo mabatire a galimoto. Udzu kulibe. Nkhuku kulibe, ngakhale ntchentche. Ana asanu, mmodzi mwa iwo Chisomo, anali atakhala pansi mondondozana, chete, akutiyang'ana ngati anthu a pamaliro.

Mwana wanga Esinati anatitsekera pakhomo.

"Adadi, tsitsi la mwana wanga? Eish! Mwandibweretsera mfiti yovala magolovesi?"

"Ayambe ndi langa," ndinatero, ndikuvula chipewa.

"Dazi limenelo? Akametapo chiyani?"

Ndinapereka ndevu. Tadala anadula, ine osagwa. Esinati anaseka pang'ono, kenako anakatenga mwana.

Tadala atagwada kuti atape dothi ndi supuni, Chisomo anagwada naye. Anatapa lake ndi zala n'kuponya m'kamwa. Ndipo analankhula, ndi mawu okoka ngati a nkhalamba:

"Agogo, lawani. Likutsekemera."

Tadala anasiya supuni n'kutembenukira kwa ine.

"Abambo, mtovu wa m'mabatire umatha kutsekemera. Zotsatira zidzatenga masabata, koma mwanayu apite kuchipatala Lolemba. Asaseweretsenso dothi ili."

Pobwerera masana tinali atatu, Chisomo ali pamiyendo panga. Esinati sanatsutse, anangomumangira zovala m'pepala lapulasitiki.

Ndakalamba ndikuopa mfiti zochokera kutali. Sindinkadziwa kuti mwana angadyetsedwe ndi bwalo la kwawo lomwe. Ana anayi aja tinawasiya atakhala pomwepo.