Kavalo Wooneka Ngati Akupemphera

Mwana wanga Tadala amaphunzira kukwera kavalo Loweruka lililonse, kunja kwa mzinda wa Bradford. Tsiku lina mphunzitsi wake, mayi wachizungu, anamangirira kavaloyo zingwe zoonjezera, zokokera mutu pansi mpaka chibwano kugunda pachifuwa. Akuti zimathandiza kuti aziyenda mwadongosolo.

Tadala anandikoka jekete. "Adadi, zikumupweteka. Taonani thovu kukamwako. Auzeni amasule."

Thovulo ndinaliona, ndipo ndinamvanso mmene amapumira movutikira. Koma mayiwo atatembenuka n'kufunsa ngati pali vuto, pakamwa panga panatuluka zina. Ine amene ndimatsogolera mapemphero a Lachitatu, amene ndimalimbikitsa abale kulankhulira opanda mawu, ndinamwetulira n'kunena kuti, "Ayi, palibe. Akuoneka wodzichepetsa, ngati akupemphera."

Mayiwo anaseka. Nanenso ndinaseka, mpaka kuwathokoza kawiri.

M'basi Tadala anakakhala pampando wina. Titatsala pang'ono kutsika anandiyandikira, nati m'Chichewa chake chopotoka chija, "Sikupemphera kuja, adadi."

Ambuye andikhululukire. Ndinangozindikira kuti nanenso chibwano changa chili pachifuwa, pomwe ine palibe amene anandimanga chingwe.