Foni Siyankhula Pamanda a Mwana Wanga

Chinali chaka cha 2024, ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi. Tsiku loika mwana wanga wamkazi ndinadzuka kusanache. Kugona sindinagone, ndinangotsamira khoma. Amayi a mpingo anali ataimba usiku wonse m'nyumba mmene munali bokosi, mpaka mawu kusasa. Amuna anali atazinga moto wa zitsa panja. Chiperoni chinali chitaphimba phiri la Tumbine, kamvula kakuwaza.

Mwanayo anabadwira ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, tinabwera naye ku Milange ali kumbuyo kwa mayi ake. Zaka zinayi zomaliza ankagwira ntchito ku kampani ina ya ku Maputo, imene ili ndi pulogalamu ya pafoni. Alimi amalembetsa nandolo ndi soya pamenepo, lole n'kubwera kudzatenga. Kampaniyo ilibe ofesi kuno. Inali ndi tebulo limodzi pakhonde la sitolo pafupi ndi msika, ndi iyeyo basi. Foni ikakana, kapena mlimi akaiwala nambala yachinsinsi, ankapita kwa iye.

Kwathu kuno pamanda amayankhula wa banja, wa mpingo, wa kuntchito ndi wa mudzi. Dzulo lake mkamwini wanga anaimbira kampaniyo. Anamuyankha mawu ojambulidwa a Chipwitikizi, akuti dinani apa, dinani apo. Kenako pafoni panabwera uthenga wa chipepeso wopanda dzina la munthu. Ndinamuuza kuti aimbenso mpaka apeze munthu wopuma mpweya. Anapeza woyang'anira wa ku Mocuba. Foniyo ndinaitenga ndekha. Ndinati bokosi silituluka mpaka wa kampani afike ndi miyendo yake.

Kutacha anthu anayamba kufika. Abale a ku Muloza anawoloka malire atasenza ufa. A ku Mongue anabwera panjinga, akazi kumbuyo. Ena a ku Molumbo anali atanyamuka dzulo lake. Ambiri sindinkawadziwa. Kuseri kwa nyumba nkhuni zonyowa zinkangofuka utsi, ophika nyemba akutikita maso.

Okumba manda anamaliza m'mawa ndithu. Wamkulu wawo anabwera, matope mpaka m'mawondo.

"Madala, dzenje likulowa madzi. Tikudikira nduna kodi?"

"Mukudikira ine."

Mbusa anayang'ana wotchi kawiri. Mlongo wanga anagwada pambali panga n'kunong'ona kuti achimwene, mwana watopa, mulekeni apite. Ndinati kampaniyo anaigwirira ntchito zaka zinayi, maola atatu sangamulemere. Mumtima ndinkadziwa kuti dzuwa likapendeka ndiyenera kugonja pamaso pa anthu onsewa.

Masana atangodutsa inafika njinga yamoto. Anatsika woyang'anira wa ku Mocuba uja, bambo wa zaka ngati makumi anayi, atanyowa yense. Anagwada, anapepesa m'Chipwitikizi, kenako m'Chilomwe. Atatero anatulutsa foni, nkhope ikuwala ngati watibweretsera ulemu waukulu.

"Papa, bwana wamkulu ali pa vidiyo ku Maputo. Woyankhula pamanda ndi iwowo."

"Bwana wanuyo akumva kuzizira kuli kunoku?"

"Ayi, papa."

"Ndiye alowe m'thumba."

Wina kumbuyo anaseka n'kubisa ndi chifuwa. Foni inalowa m'thumba.

Ndinamulowetsa m'nyumba kukaona nkhope. Anaima nthawi yaitali. Potuluka anandiuza kuti zaka zonsezi ankangomudziwa mawu.

Tinanyamuka kamvula katakata. Amayi a nkhata anali patsogolo, bokosi pakati, ife pambuyo. Njira inali yoterera, onyamula ankasinthana pafupipafupi. Wa ku Mocuba naye analowetsa phewa. Itafika nthawi yake yoyankhula analibe pepala. Anati matebulo ena ankamuimbira tsiku ndi tsiku ndi madandaulo, koma la ku Milange linali zii, chifukwa zinthu zinkathera pomwepo. Kenako anapempha khasu n'kukwirira nawo.

Titabwerera, anthu akusamba m'manja, mayi wina wa ku Molumbo anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa foni. Anagwada patsogolo pa mlendoyo.

"Pepani bambo, si malo ake ano. Koma nandolo wauma, ndipo ichi chatseka."

Wachiwiri anatulutsa yake, wachitatunso. Mkamwini wanga anaimirira kuti awathamangitse. Ndinamugwira mkono. Anthuwa akanapita kwa ndani? Ndinauza amuna awiri kuti atulutse tebulo langa lodyera aike pakhonde. Mlendoyo anakhala pamenepo, mbale ya chakudya ikuzizira pambali, mzere utafika pa mtengo wa mango. Mdala wina anamuuza kuti malemu sankachedwa chonchi. Iye anati akukhulupirira.

Dzuwa litapendeka ndinamufunsa kuti pa tebulo la kumsika pakhala ndani. Anayang'ana pansi. Anati kampani ikufuna kuti anthu aziimba nambala.

"Nambala ija ya dinani apa?"

"Yomweyo, papa."

Ndinamulozera mzere umene unatsala. Ndinati akauze bwana wake zimene waona ndi maso. Anati akanena, koma sanalonjeze kanthu. Ndinamuuza kuti mwezi ukatha tebulo lili lopanda munthu, ndikwera galimoto mpaka ku Mocuba, ndikakhala pakhomo pake. Ine ndinayenda wapansi kupita ku Malawi nthawi ya nkhondo. Mocuba si patali.

Madzulo mabenchi a mpingo anabwezedwa, moto unazima, pabwalo panangotsala phulusa ndi mapazi m'matope. M'nyumba munali zii. Ndinakhala pampando wanga n'kuwerenga. Ine ndataya mwana, wachitatu kubadwa mwa asanu. Mkamwini wanga wataya mkazi. Ana awiri ataya mayi. Alimi a ku Milange, ku Mongue ndi ku Molumbo ataya munthu mmodzi, ndipo anali yekhayo.