Zala Ziwiri za a Elifala

Aliyense amene anatumizapo mabelo a fodya kapena matumba a chimanga pa Malomo amawadziwa a Elifala, bambo wa ngolo amene zala zawo ziwiri za kudzanja lamanja zinakhota. Alendo amaganiza kuti inawaponda ng'ombe. Iwo satsutsa. Amangomwetulira n'kubisa dzanjalo m'thumba la jekete, poti kwa munthu wa kumapiri n'zamanyazi kunena kuti anakavulalira pamadzi.

A Elifala anayamba kugwira chikwapu asanamere ndevu. Zaka makumi atatu anakwera ndi kutsetsereka zitunda za ku Ntchisi, ngolo yawo osagubuduzikapo ngakhale kamodzi. Nzeru yawo inali imodzi, ndipo ankaiphunzitsa aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe. Ngolo ikayamba kutererera pamtsetse, usakhale pamwamba ngati thumba la feteleza. Dumpha, tsamiza phewa, kankha, ponya mwala kunsi kwa tayala. "Mwamuna saonerera ngozi ali chikhalire," ankatero, ngakhale pakhomo pa tchalitchi anthu akufuna kupita kwawo.

Mwana wamkazi anali naye mmodzi yekha, Tikondwe. Iyeyu anakondana ndi msodzi amene ankabwera kudzagulitsa usipa pamsika, ndipo m'malo moti mkamwini adzamange pamudzi, anamutenga chitengwa kupita naye kunyanja, kumpoto kwa Nkhotakota. A Elifala sizinawakomere, koma mwana si ng'ombe yoti n'kuikhotetsa ndi chikwapu.

Patapita zaka zisanu, mkati mwa dzinja, foni inalira. Anali mayi wina woyandikana nyumba ndi Tikondwe. Anati mwanayo wadwala miyezi itatu, mwamuna wake anaolokera kutsidya ndipo sakumvekanso. "Bwerani mudzamutenge akadali ndi mpweya," anatero mayiwo.

Akazi awo, a Abigail, miyendo inali itawavuta kale, ulendo wotere sakanautha. Anangowagwira malaya amuna awo. "Bambo a Tikondwe, kanditengereni mwana wanga. Kaya wafika potani, ndimuone akupuma."

"Ndikamunyamula ndi manja angawa," anayankha a Elifala akuwatambasula, "kuchokera pamphasa pake mpaka pakhomo pano."

Popita anakwera minibasi, kenako anayenda pansi tsiku lathunthu chifukwa mvula inali itakokolola mlatho. Anamupeza Tikondwe atatha, maso okha. Njira imene anadzera ija wodwala sakanaitha, ndipo anthu a kumeneko anawauza kuti yatsala ndi imodzi: boti lopita kudoko la ku Nkhotakota. A Elifala madzi ankawadziwira m'chidebe ndi pamtsinje woolokera ng'ombe basi. Mantha anawagwira, komabe m'mawa mwake anamunyamula mwana wawo, wopepuka ngati mtolo wa mapesi, n'kukamugoneka pansi m'botimo, mutu uli pamiyendo pawo.

Linali boti la matabwa la injini, lodzaza madengu a usipa ndi amayi a geni. Mwini wake, Filipo, anawayang'ana kamodzi n'kudziwa kuti awa ndi a kumtunda. "Bambo, muno lamulo ndi limodzi. Chichitike chichitike, khalani pansi, manja m'kati."

A Elifala anagwedeza mutu monga timachitira pa zolengeza za kutchalitchi, mawu akulowa uku n'kutulukira uku.

Maola atatu anayenda pamadzi. A Elifala sanadzimvepo wachabechabe chotero chibadwire. Panalibe goli loti akonze, panalibe ng'ombe yoti aikalipire, panalibe ngakhale mwala woti atole. Manja awo, amene ankadziwa ntchito iliyonse, anangokhala akuingitsa ntchentche pankhope pa Tikondwe. Mwakamodzikamodzi mwanayo ankatsegula maso. "Ababa, tafika?" Iwo ankati tatsala pang'ono, chonsecho sankadziwa n'komwe kumene ali.

Anafika padoko dzuwa lili paliwombo, ndipo mwatsoka linali tsiku la sitima. Sitimayo inaima patali, pakuya, ndipo maboti ankathamangira uku ndi uku kutsitsa anthu ndi katundu. Mabwato a asodzi ankalowerera pakati. Injini zikulira, anthu akukuwa, wina akuitana m'bale wake, wina akutukwana. A Elifala anayang'ana msewu, osauona. Kwawo ngolo ziwiri zikakumana, wina amapatukira kumanzere n'kupatsana moni. Apa aliyense ankangodzera pamene wafuna.

Filipo yekha ndiye ankaoneka kuti akuona njira. Anachepetsa injini, n'kuimirira kumbuyo dzanja lili pachiwongolero. Analola boti lina lidutse, anakweza dzanja kwa wa bwato kuti adikire, funde la boti lalikulu litabwera analilozetsa mphuno ya boti lake kuti lisawamenye m'mbali. Pang'onopang'ono ankasendera kumtunda.

Ndiye panatulukira boti lodzaza matumba a ufa wa chinangwa, likubwera chammbali, kulunjika mbali yomwe kunali Tikondwe. Filipo anali ataliona kale. Anali atakhotetsa pang'ono kuti akagundane pa matayala akale omwe amapachika m'mbali mwa boti, amene ntchito yake ndi yomweyo. Maboti amagundana chotero tsiku lililonse, eni ake n'kumangocheza. Koma zimenezi a Elifala akanazidziwira kuti? Iwo anaona ngolo ikutererera pa mwana wawo. Thupi linachita zimene linazolowera zaka makumi atatu. Anautsitsa mutu wa Tikondwe, nyamu, n'kuponya dzanja kunja kuti akankhe.

Boti linapendekeka. Madzi anakhuthukira m'kati, pa Tikondwe penipeni. Amayi aja analira mokuwa, madengu akugubuduzika.

"Khalani pansi, bambo! Mutiphetsa!" anakuwa Filipo.

Nthawi yomweyo maboti awiriwo anakumana, dzanja lili pakati. Kunamveka ngati munthu wathyola nzimbe.

A Elifala anakhala pansi, mochedwa. Filipo anawongola boti, amayi awiri akukapa madzi ndi mbale. Tikondwe, ali chinyowere, akutsokomola mpaka thupi lonse kugwedezeka, anakoka nsonga ya chitenje chake n'kukulunga dzanja la bambo wake. "Ababa, ingokhalani," anatero motsitsa. Munthu amene anabwera kudzanyamula wodwala, wodwalayo ndiye ankamusamala. A Elifala analira poyera, pamaso pa amayi a geni.

Filipo anawafikitsa bwinobwino. Boti linaima pamadzi ofika m'mawondo, ndipo aliyense ankatsika n'kuyenda mpaka pamchenga. A Elifala anawerama kuti amunyamule mwana wawo. Dzanja linakana. Anayesanso, kulowetsa mkono kunsi kwa msana, koma ululu unawagwetsa chogwada. Filipo ndi mayi wina wa usipa, amene dzina lake sakulidziwa mpaka lero, ndiwo anamunyamula Tikondwe. Iwo ankatsatira pambuyo, atapanira jumbo ya zovala zake m'khwapa.

Kuchipatala anawamanga zala, Tikondwe anagonekedwa masiku anayi, kenako anawauza kuti apite naye kwawo. Atatsika minibasi pa Malomo anapeza ngolo yawo yomwe ikuwadikira, chikwapu chili m'manja mwa Aroni, mnansi wawo. A Elifala anakwezedwa kumbuyo pamodzi ndi wodwala, ndipo pamtsetse uliwonse anakhala pamwamba, ngati thumba la feteleza lija.

A Abigail anamuona mwana wawo akupuma. Anamusambitsa, anamumwetsa phala, anagona naye pamphasa imodzi milungu itatu. Chifuwa chija sichinaleke. Tsiku la maliro bokosi linakwera ngolo yomweyo, woyendetsa ali Aroni, eni ngolo akuyenda pansi dzanja lili m'nsalu.

Masiku ano a Elifala amayendetsabe ngolo, chikwapu chili kumanzere. Nzeru yawo ija anasiya kuiphunzitsa. Anthu amawatonthoza kuti matendawo anali atapita kale patali, ndipo mwina n'zoona. A Abigail amauzabe anzawo a kumvano monyadira kuti amuna awo anakamutenga mwana kunyanja ndi manja awo, ndipo a Elifala akamva amangotuluka kukaona ng'ombe. Za madzi amene anamukhuthukira Tikondwe padoko paja sanawauzepo akazi awo.