A Khutu Akumva ndi Mano

Bambo anga akonza magalimoto zaka makumi anayi, ndipo dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Aliyense amangoti a Khutu. Galimoto ikamalowa pageti pathu, iwo ankatchula matenda ake mwini wake asanatsike n'komwe. "Imeneyo ndi beringi yakumbuyo, kumanzere," ankatero ali pansi pa galimoto ina, miyendo yokha ili panja. Kumasula, n'kupezadi ndi beringi. Shedi yawo ili kuseri kwa nyumba: malata, benchi yathabwa yoda bii ndi oilo, ndi zitini za penti zodzaza mabawuti, chitini chilichonse saizi yake. Ukasokoneza chitini chimodzi, tsiku limenelo tiyi ukamwera kwa aneba.

Ndiye taonani nkhanza za ukalamba. Miyendo unaisiya, maso unawasiya, n'kulunjika pa khutu lomwelo. Amayi akati, "Madzi afunda," bambo ankadzambatuka: "Wagunda ndani?" Tinkaseka mpaka nthiti kuwawa, iwonso n'kumaseka nafe. Koma makasitomala anayamba kudutsa pageti osakhota.

Achimwene anga amagwira ntchito muofesi, ndipo oilo amamuopa ngati mphiri. Tsiku lina anatisonkhanitsa pabalaza n'kunena kuti bambo apume, shedi igwetsedwe, pamangidwe chipinda. Zimenezo anakuwa kuti bambo amve. Kenako anatsitsa mawu, bambo ali pomwepo, n'kuti, "Tivomereze, tsobola wakale sawawa." Ine, amene bambo amanditchula Kamoto chifukwa cha mtima wapachala, amene ndimakangana ngakhale ndi mbuzi pamsewu, tsiku limenelo ndinangogwedeza mutu. Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Ntchito yanga ndi yonyamula ana asukulu pa galimoto ya mipando isanu ndi iwiri. Galimoto imeneyi inali itayamba mwano. M'mawa ukangoiliza inkachita khwerererere, ngati miyala m'chitini, kenako n'kukhala bwino. Pachitunda inkakwera monyinyirika, mafuta ikumwa ngati yabwereka pakhosi. Ndinachita chinthu choipa: ndinaizembetsa n'kupita nayo kugalaji ina. Kumeneko anasintha solenoidi, kavalavu kamagetsi kotsegulira oilo, koma m'mawa mwake miyala ija inali m'chitini momwemo.

Bambo anandigwira Loweruka. Anatsegula boneti kuti aone madzi, n'kupeza kachitsulo katsopano kakuwala pakati pa zakuda.

"Kamoto, muno mwalowa dzanja la ndani?"

Ndinaulula zonse, mokuwa, mpaka aneba anamva tchimo langa. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa khofi. Anangotuma amayi kuti aimbire achimwene. Achimwene atafika, bambo anawauza kuti, "Galimoto iyi ndikaikonza, shedi yanga musaikhudze. Ikandikanika, malata ndisasula ndekha." Achimwene anavomera msangamsanga, chifukwa phokoso lokonzedwa ndi munthu wosamva ankaliona ngati nkhani yothaitha.

Lolemba ana ndinawapezera galimoto ya mnzanga, bambo n'kumasula injini. Anatulutsa giya yonenepa ngati mbale, ya kumutu kwa kamu, chitsulo chachitali chimene chimatsegula mavalavu.

"Iwe ukamayenda umapuma mwina, ukamathamanga umapuma mwina," anandiuza. "Injini nayonso. Giya iyi ndiyo imasintha nthawi yotsegulira mavalavu, ndipo imakankhidwa ndi oilo. M'kati mwake muli kapini koigwira usiku wonse. Kapini kakatha, m'mawa oilo asanakwere, giya imagwedera. Miyala yako ija ndi imeneyo."

"Nanga solenoidi anasintha ija?"

"Anazula dzino labwino, lobowoka n'kulisiya."

Anakulunga giya, tcheni ndi tizitsulo tina m'manyuzipepala, n'kuika mu ndowa. Nambala ya injini anailemba pamkono ndi bolopeni. Lamulo lawo ndi limodzi chiyambire: kogula masipeya sapita chimanjamanja, chakale ndicho chimasankha chatsopano. Ndowa ndinanyamula ine, mu minibasi anthu akundiyang'ana ngati ndanyamula nsomba zowola.

Wogulitsa masipeya wathu timamutchula a Zilipo. Ngakhale mutafunsa phiko la ndege, iwo amayamba ndi "Zilipo!" kenako n'kumafufuza. Shopu yawo ndi yopanikiza, mashelefu mpaka kudenga, fungo la rabala ndi girisi.

"A Khutu! Tinkayesa munapuma!"

"Ndani wakuluma?"

"Ndati takulandirani!"

Giya yoyamba inatuluka m'bokosi lokongola, ikunyezimira, yotchipa bwino. Ine mtima unagwa pomwepo. Bambo anainyamula kudzanja lamanja, yakale kumanzere, n'kuziyeza kulemera. Anayendetsa chala m'mabowo a oilo, chala n'kutuluka ndi tizinyenyeswa tachitsulo.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero, n'kuibweza m'bokosi. "Yapepuka, ndipo bokosi lake lilibe ngakhale dzina la amene anaipanga. Munthu wobisa dzina ndiye kuti akudziwa chimene wachita."

Yachiwiri inali yolemera bwino. Bambo anawerenga mano ake mmodzimmodzi ndi chikhadabo, anakwana ndendende. Ndinayamba kale kutsegula chikwama. Koma anazigoneka pamodzi pakauntala, n'kuloza kachizindikiro ka m'mphepete ndi mabowo akumbuyo.

"Iyi ndi ya mbali yotulutsa utsi. Ife tikufuna ya mbali yolowetsa mpweya."

"Aaa, a Khutu, zimenezi ndi mapasa," anatero a Zilipo. "Imalowa bwinobwino."

"Mapasa amafanana, koma sakwatira mkazi mmodzi."

Anthu amene anali pamzere anaseka, a Zilipo naonso. Anati yeniyeni yatsopano ayitanitse, ifika pakatha milungu itatu. Milungu itatu ana anga akanatengedwa ndi ena! Ndiye a Zilipo analowa kuseri n'kubwera ndi magiya awiri ochotsedwa m'mainjini ophwasulidwa. Onse a mbali yoyenera, nambala zikugwirizana ndi ya pamkono, mano okwana, maonekedwe amodzi.

"Tsono apa pamafunika khutu," anatero a Zilipo motsitsa mawu, akundiyang'ana mwachisoni. "Yakutha kapini imachita kaphokoso kakang'ono ukaipotoza."

Bambo anapisa m'thumba la ovolosi n'kutulutsa sikuludiraiva yawo yaitali, ya chigwiriro chathabwa. Ndinali ndisanaonepo kuti chigwirirocho chadzaza zipsera. Anapempha a Zilipo kuti agwire giya mwamphamvu pakauntala. Nsonga ya sikuludiraiva anaigunditsa pagiya, chigwiriro n'kuchiluma ndi mano, maso n'kutsinzina. Kenako anagwira pakati pa giya ndi pulayala n'kupotoza uku ndi uku.

Shopu yonse inaphulika. Bambo wina wa chipewa anati, "Agogo ali ndi njala, apatseni buledi!" Poyamba ndinafuna nthaka inditsegukire. Kenako moto unakwera.

"Inu a chipewa, mano anuwo ntchito yake n'kuseka basi? Galimoto yanu ili kuti, si mwabwera wapansi ngati ife?"

Bambo sanamve chilichonse. Analavula chigwiriro, n'kuchipukuta pamalaya anga, anga ndithu, n'kundipatsa. "Luma, Kamoto."

Ndinaluma. Chinkawawa oilo ndi mchere. Atapotoza giya yoyamba, ndinamva ka! ka! Osati m'makutu ayi, m'mutu mwenimweni, ngati wina akugogoda chigaza ndi supuni. Atapotoza yachiwiri, zii. Ndinayang'ana bambo anga, sikuludiraiva ili kukamwa, maso ali tong'o.

"Khutu linatseka chitseko, ine ndinalowera pawindo," anatero. "Chaka chachiwiri chino ndikumvera m'mano."

Tinatenga yachiwiriyo. Tcheni, chokungira tcheni ndi gasiketi yotseka oilo kuti asadonthe anaumirira zatsopano za kampani yodziwika, ati zimenezo sagula zovalidwa kale, ngati kabudula wam'kati. Titatsala pang'ono kutuluka anabwerera.

"Kasefa."

"Zilipo!" anatero a Zilipo. Kenako anakanda mutu. "Kasefa kati?"

Bambo anafunyulula kanyuzipepala komaliza. Munali kasefa kochepa ngati chala cha khanda, kotsekeka ndi phala lakuda la oilo. Ati kamakhala kobisika panjira ya oilo wopita kugiya, ndipo amakaniko ambiri sadziwa n'komwe kuti kaliko. Ukaika giya yabwino kasefa kali kotseka, waveka munthu suti asanasambe. A Zilipo anakhuthula madirowa atatu, ndipo atakapeza anavina pang'ono kuseri kwa kauntala.

Kumanga kunatenga masiku awiri. Bambo ankaimba nyimbo zosadziwika mutu wake, akulunzanitsa zizindikiro za tcheni ndi za magiya. Anazungulitsa injini ndi dzanja kawiri, n'kuyang'ananso zizindikiro, n'kuthira oilo watsopano. Lachitatu masana anailiza, inayenda bwino, ine n'kuyamba kulumpha.

"Usavine," anatero. "Injini yotentha ndi mboni yonama. Mlandu uweruzidwa m'mawa, itazizira."

M'mawa mwake achimwene anafika atavala malaya oyera, tepi yoyezera ikusuzumira m'thumba la thalauza. Ndinaiona, amayi anaiona, ndipo bambo maso awo ndi akuthwa kuposa athu. Achimwene anati kiyi apotoza okha kuti pasakhale zokayikitsa. Anaima panja, n'kulowetsa mkono pawindo kuopa kudetsa malaya. Bambo anaima pambali pa injini, nsonga ya sikuludiraiva pachivundikiro, chigwiriro kukamwa.

Mwadzidzidzi mneba wathu wowotcherera zitsulo anayatsa chopukusira chake. Tsiiiii! Bwalo lonse linadzaza phokoso nthawi yomweyo imene achimwene anapotoza kiyi. Tinatchera makutu kudikira miyala ija. Palibe chimene tinamva, ngakhale injini imene.

"Sinalire!" anakuwa achimwene, n'kubwezanso dzanja pakiyi.

Bambo analavula sikuludiraiva. "Siya kiyi, iwe! Ukufuna kundiphera sitata? Yalira kalekale!"

Amayi anathamangira kumpanda. "Aneba! Tazimitsani kaye chimenecho, kuno kuli mlandu!" Chopukusira chinasiya. Ndipo apo, pakati pa bata, injini inali ikuyenda mwakachetechete, fuuu, ngati mphaka wakhuta. Tonse a makutu abwino tinangoyang'anana.

"Kamwala ngakhale kamodzi sikanagwe," anatero bambo. "Ndinali nayo kukamwa kuyambira poyamba."

Ine misozi inangoyamba yokha, ndipo sindilira mwaulemu ayi, ndimalira ndi mphuno zomwe. Bambo anatembenukira kwa amayi. "Kwa inu a makutu, ikulira bwanji?"

"Galimoto ikulira bwino!" anakuwa amayi. "Amene akulira moipa ndi mwana wanuyu!"

Mneba anaseka ali pamwamba pa mpanda. Bambo anapukuta chigwiriro n'kuchilozetsa kwa achimwene. "Luma." Achimwene anayang'ana malaya awo, anayang'ana amayi, n'kuwerama, n'kuluma. Anakhala choncho nthawi yaitali ndithu, maso akuphethira. Atadzuka, pachifuwa pa malaya oyera panali chidindo chakuda, ndipo sanachipukute.

"Ababa, pepani," anatero. Sanakuwe, koma bambo anagwedeza mutu.

"Milomo ndimaiona, mwana wanga. Tsiku lija pabalaza ndinaionanso. Tsobola wakale uja, wamulawa?"

"Ndamulawa, ababa. Akuwawa."

"Chabwino. Tepi wabwera nayoyo usabwerere nayo chabe. Kayeze benchi, ikufunika thabwa latsopano."

Achimwene analowa mu shedi, tepi ili m'manja, akuseka ngati mwana. Bambo anatseka boneti, n'kundiyang'ana ine.

"Iwenso, Kamoto, mutu unagwedeza. Ndinakuona."

Ndinafuna kugwada pomwepo, koma anandigwira phewa ndi dzanja lawo la oilo, n'kundikankhira kuchitseko cha galimoto.

"Pukuta mphuno, pita ukatenge ana, achedwa. Ukabwerako uwauze makolo awo kuti a Khutu atsegula."